Ngakayo musampatse munthu kuti akusungireni

Achemwali, mwafunsa m'gulu muno chochita ndi ngaka, nyama ya mamba ija, imene achimwene anu atola m'munda wa chinangwa. Munthu amene akuti mumpatse ngakayo kuti akusungireni mpaka agemu atafika mumukane lero lomwe, ngakhale atakhala m'bale wanu kapena mkulu wa mpingo, ndipo asadziwe n'komwe pamene achimwene anu aiika chiitolereni m'munda wa chinangwamo. Mawu okoma amenewo ndinawamvapo ndi makutu angawa, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwawa.

Ine ndimathandiza mongodzipereka m'midzi yoyandikana ndi mpanda wa nkhalango ya Nkhotakota. Sindilandira malipiro, mayunitsi ndimagula ndekha, ndipo ntchito yanga yaikulu ndi kulankhula pa misonkhano ya m'mudzi ndi kuimba foni nyama ikakodwa pa msampha kapena ikatuluka kunja kwa mpanda. M'nyengo ya dzinja, mvula itafika pachimake, agogo ena anapeza ngaka pafupi ndi chulu m'munda mwawo ndipo anatuma mdzukulu wawo kudzandiitana. Nditafika ndinaipeza ili yamphamvu, yolemera bwino, itadzipinda ngati nkhata, moti ngakhale anyamata amene anafuna kuifunyulula analephera. Ndinaimba foni ndipo anandiyankha bwino lomwe, koma msewu wafumbi wolowera kumudziko unali utaduka pa mtsinje ndipo galimoto silikanatha kuwoloka madzi asanaphwe. Apo m'pamene bambo wina wodziwika, mwini golosale pamsika, amene tinkakhala naye limodzi m'komiti yoona zachilengedwe, ananena pamaso pa anthu kuti ali ndi chipinda chokhoma ndi loko ndipo aisunga bwino usiku umodzi wokha.

M'mawa mwake anandiuza, akundiyang'ana m'maso, kuti ngaka yakumba pansi pa chitseko n'kuthawa. Anandionetsanso dzenje limene linkaoneka kuti lakumbidwa ndi khasu. Panapita masiku ndithu mnyamata amene ankamugulitsira m'golosalemo asanabwere kunyumba kwanga usiku, akunjenjemera, kudzandiuza kuti nyamayo ili kuseri kwa golosale ndipo abwana ake akuimbirana mafoni ndi anthu a kutauni kukambirana mtengo.

Tinapita ndi agemu, apolisi ndi nyakwawa. Zimene ndinaona kuseri kwa golosale ija sindidzaziiwala. Anali ataiika m'thumba la feteleza, thumbalo n'kuliponya mu dilamu yachitsulo imene kale munkakhala dizilo, pamwamba n'kuvundikira ndi lata ndi kutsinjiza ndi mwala. Titachotsa latalo fungo la dizilo, mkodzo ndi chilonda chowola linatibweza m'mbuyo tonse. Pansi pa dilamuyo panali nsima yochita nguwi ndi usipa, chifukwa munthuyo ankaganiza kuti akuidyetsa, osadziwa kuti ngaka ilibe dzino ngakhale limodzi ndipo imadya nyerere ndi chiswe zokha, zimene imazinyambita ndi lilime lake lalitali lomata. Mchira anaumanga ndi waya amene anali atalowa pakati pa mamba mpaka m'mnofu. Zikhadabo zakutsogolo, zimene imafukulira zulu, zinali zitathyoka ndi kutuluka magazi chifukwa chokanda chitsulo usiku ndi usana. Pamsana panali malo ofiira pamene anazulapo mamba angapo kuti akaonetse ogula, ndipo ntchentche zinali zitaikirapo kale mazira. Koma chimene chinandigwetsa misozi pamaso pa anthu n'chakuti mlonda wa nkhalango ataitulutsa m'thumbamo sinadzipinde. Ngaka yamoyo ikangomva phazi la munthu imadzikulunga nthawi yomweyo, koma iyi inangogona chotambalala pa dothi lonyowa, mutu uli panja, timaso tili phethiphethi, ikupuma movutikira ndi kaphokoso m'chifuwa. Tinaikulunga m'bulangete ndipo ndinaifungatira kumbuyo kwa galimoto ndi chiyembekezo choti ikafika kwa madokotala a nyama ku Lilongwe, koma inafera pamiyendo panga tisanafike n'komwe pa tala wa msewu wa M5.

Bamboyo atafunsidwa sanaonetse manyazi ngakhale pang'ono. Anati ndi nyama chabe ndipo tikuvutitsa munthu chifukwa cha chinthu cha m'tchire. Uyu ndi munthu amene ankaimirira pa misonkhano n'kumalangiza achinyamata kuti asiye kutchera makhwekhwe, amene ankakhala pa mpando wakutsogolo alendo akabwera, ndipo ankadziwa bwino lomwe zimene lamulo limanena. Choipa kwambiri n'chakuti anayesa kukankhira mlanduwo kwa agogo aja, kunena kuti ndiwo anamubweretsera nyamayo kuti awagulitsire, ndipo gogo wosalakwa, amene anachita chinthu choyenera kuyambira pachiyambi, anakhala tsiku lonse kupolisi akufunsidwa mafunso. Abale ake a bamboyo anayamba kufalitsa kuti ine ndine kazitape amene ndimalandira ndalama pogulitsa anthu a m'mudzi. Pa maliro anthu ankasuntha ndikakhala pafupi nawo, mayi a kunyumba ankanyozedwa pa mjigo, ndipo mnyamata uja anachotsedwa ntchito n'kusamukira kwa amalume ake. Mpaka pano palibe amene anabwera kudzapepesa.

Mkwiyo wa anthu pa nyama zakutchire ndimaumvetsa ndipo sindiupeputsa. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015, njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017, chifukwa zakuno zinali zitatsala zosakwana 100 kaamba ka opha nyama mozemba. Banja limene njovu yalidyera munda wonse usiku umodzi silingamve msanga za ubwino wa nyama, ndipo ine ndikapita pakhomo lotere ndimayamba ndakhala pansi n'kumvetsera. Koma ngaka sinadyepo chimanga cha munthu, siluma, sithamangitsa mwana, ndipo imatichepetsera chiswe chimene chimatidyera mitengo ya madenga ndi nkhokwe. Imabereka mwana mmodzi yekha pa nthawi, choncho iliyonse imene yafera m'thumba ndi kutaya kwakukulu. Mamba ake amene anthu akuwathamangirawo ndi opangidwa ndi zinthu zofanana ndi zikhadabo zathu, ndipo amene amagwidwa nawo kawirikawiri ndi munthu wa kumudzi amene analonjezedwa mamiliyoni, pamene womutumayo ali phee kutali.

Tsono chonde uzani achimwene anu kuti lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wopezeka ndi ngaka, yamoyo kapena mamba ake okha, akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Chimene chingawateteze ndi kuonetsa kuti anadziwitsa akuluakulu msanga. Aimbire lero lomwe ofesi ya nkhalango ya Nkhotakota kapena nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, adziwitse apolisi apafupi, ndipo alembe nthawi imene aimba ndi dzina la amene awayankha. A Lilongwe Wildlife Trust, bungwe losamalira nyama zakutchire, alinso ndi madokotala amene amasamalira ngaka zopulumutsidwa, ndipo ndiwo amadziwa kuipatsa madzi m'thupi ndi kuiyendetsa m'tchire kuti izidzifunira yokha chakudya mpaka itabwerera mwakale. Asainyamule okha pa minibasi kapena pa njinga yamoto, chifukwa pa rodibuloko palibe wapolisi amene angakhulupirire kuti munthu wonyamula ngaka m'chikwama akuipititsa kuchipatala. Ndikunena izi ngakhale ndikudziwa kuti ngaka ya kwa agogo ija ikanawoloka mtsinje pa njinga usiku womwe uja bwenzi lero ili moyo m'nkhalango.

Podikira thandizolo aiike m'bokosi lamatabwa lolimba lokhala ndi mabowo opumira, ayalemo bulangete kapena chitenje chouma, ndipo bokosilo likhale m'chipinda chamdima, chopanda phokoso, kutali ndi utsi, agalu ndi ana. Asaimange ndi chingwe kapena waya, asaikakamize kufunyuluka, ndipo asaipatse nsima, mkaka kapena nyama. Mantha okha amaifoola nyama imeneyi, choncho anthu asamabwere kudzaisuzumira. M'mudzimo amfumu okha ndiwo awauze, kuti pakhale mboni yoti sanaibise, ngakhale ndiyenera kunena kuti nkhani ikafika pa bwalo sichedwa kufika pamsika. Achimwene anuwo agone pafupi ndi chitseko cha chipindacho ndipo kiyi akhale naye okha mpaka galimoto la agemu litaima pakhomo, ndipo obwerawo aonetse ziphaso zawo asanaigwire. Akadzapezanso ina ikuyenda yokha m'tchire ili bwinobwino, adzangoisiya ipite osauza munthu.

Chithunzi chimene mwaika pamodzi ndi funso lanulo muchichotse tsopano lino, chifukwa m'gulu muno muli anthu ambiri amene sitikuwadziwa, ndipo mtengo wa mango ndi khoma la njerwa zimene zikuoneka kumbuyoko n'zokwanira kuti munthu wa kuderalo aizindikire nyumbayo.