Vuto lako si la Fomu 4, bwerera ku buku la Fomu 2

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa Fomu 4 pa CDSS ina. Akuti: "Akandipatsa y = mx + c n'kunena kuti ndiilembe ngati ax + by = c, mutu umaima. Bambo akuti ndidzakhale injiniya basi, ndipo akundilipirira part-time. Ndayamba kuloweza mayankho a mapepala akale a MANEB. Kodi ndidzakhoza?"

Kulowezako usiye lero lomwe. MANEB idzangosintha manambala, iwe n'kutsala kukamwa yasa.

Makalata otere amandipeza chaka ndi chaka, ndipo onse amaloza pamene palibe bala. Funsoli lilibe chachilendo. Mzere ndi womwewo, wangolembedwa mwina. Tenga y = (2/3)x − 4. Yamba ndi kuchotsa fraction: chulukitsa chilichonse ndi 3, upeza 3y = 2x − 12. Ndati chilichonse. Ambiri amachulukitsa y ndi (2/3)x, −4 n'kumusiya osamukhudza, n'kulemba 3y = 2x − 4. Malikisi athawira pomwepo. Kenako chotsera 2x mbali zonse ziwiri: −2x + 3y = −12. Mwambo wake ndi woti nambala ya x isayambe ndi mainasi, choncho chulukitsanso zonse ndi −1, upeza 2x − 3y = 12. Basi watha. Akafuna ax + by + c = 0, monga mabuku ena amalembera, yankho ndi 2x − 3y − 12 = 0. Uziwerenga funso mpaka kumapeto.

Usadikire mphunzitsi kuti akuchongere. Mu funso loyamba lija, x akakhala 0, y ndi −4. Ika manambalawa mu yankho lako: 2(0) − 3(−4) = 12. Zagwirizana. Zikakana, mainasi wakuthawa penapake, msake.

Taona tsopano zimene tagwiritsa ntchito: ma fraction, mainasi, ndi kuchita chinthu chimodzi mbali zonse za chizindikiro cha =. Zonsezi ndi za Fomu 1 ndi 2. Nyimbo ija yoti "ikadumpha imasintha sign" munangoiimba osafunsa chifukwa chake, ndiye lero yakusiya panjira. Bwereka buku la Fomu 2 kwa mng'ono wako, ngakhale anzako aseke, uzichita mafunso khumi tsiku lililonse, cholembera chili m'manja. Kuwerenga yankho la wina n'kumagwedeza mutu si kuchita masamu. Luso lomweli udzalifunanso pa simultaneous equations ndi linear programming, choncho ukalilambalala pano lidzakudikira kutsogolo.

Inu bambo, ndalama za part-time mukutaya ngati mphunzitsiyo akungothamanga ndi silabasi ya Fomu 4 pamene mwana akupunthwa pa za Fomu 2. Mufunseni kuti akuphunzitsa chiyani. Za uinjiniyazo, mwana mudamufunsa, kapena ndi maloto anu? Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kirediti imathera pa 6. Wopeza 7 pa masamu wakhoza, koma za uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST aiwale. Ngakhale 6 ndi wofooka pa mpikisano wa malo kumeneko. Makoleji a ntchito zamanja ngati Soche ndi Lilongwe Technical alipo, ndipo si malo a olephera, ngakhale wa zamagetsi nayenso masamu sangawathawe.

Kodi udzakhoza? Mmene ulili panomu, uinjiniya uli kutali. Koma wadziwa wekha pamene ukupunthwa, zomwe anzako ambiri sadziwa, ndipo kirediti ndi yotheka ukayamba sabata ino. Yesa iyi: y = (3/4)x + 5/2. Uchulukitsa ndi nambala yanji? Ukapeza 3x − 4y = −10 osaonera, undilemberenso, tikambe za mapointi.