Mwana wanga wakonda tenisi, ndipite kwa ndani?

Mayi wina wa ku Matawale wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 9 anaonera katswiri wa tenisi Ons Jabeur wa ku Tunisia pa TV, ndipo tsopano akungokhalira kumenyetsa kampira pakhoma ndi thabwa. Funso lawo ndi lakuti kodi ku Malawi kuno kuli bungwe la tenisi, nanga lingamuthandize?

Mayi, bungwelo lilipo, ndi Lawn Tennis Association of Malawi. Pamwamba pake pali CAT, bungwe la tenisi la Africa yonse, kenako ITF (International Tennis Federation) ya dziko lonse lapansi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1913 ndipo likulu lake lili ku London.

Koma musalione ngati malume a ku Joni obwera ndi katundu. Tonse tikudziwa kuti maso a Amalawi, ndi ndalama zomwe, ali pa Flames ndi ma Queens. Ntchito ya bungwe lotere ndi kukonza mipikisano, kuphunzitsa makochi ndi kusankha ana okaimira dziko. Mwana wanu sangavale mbendera yathu kunja osadutsa m'manja mwawo. Komabe zimenezo n'zamtsogolo, mipikisano ya achinyamata ya ITF imayambira zaka 13.

Pakali pano nkhani ndi bwalo ndi mpira. Anthu ambiri kuno ku Zomba akamva tenisi amaganiza za Gymkhana Club ndi mabwana a nthawi ija mzinda uno unali likulu la dziko, likululo lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Mwana wa zaka 9 safunikira bwalo la akuluakulu ngati la kumeneko. Ndi lalitali mamita 23.77, ndipo mpira wachikasu uja ukadunda umamupitirira pamutu, iye n'kungotsala akupalasa mphepo, mawa lake n'kugwa ulesi. N'chifukwa chake kuyambira 2012 ITF inalamula kuti mipikisano ya ana a zaka 10 kutsika pansi izichitika ndi mipira yofewa: yofiira, yaolenji ndi yobiriwira. Wofiirawo ndiye wofatsa kuposa yonse, ndi woyambira. Bwalo lake ndi mamita 11 okha, ukonde wake masentimita 80. Limakwana bwinobwino pabwalo la ntchemberembaye la kusukulu. Mizere mujambula ndi laimu, pakati mumanga chingwe pamipando iwiri, basi.

Ndiye mukamalembera bungwelo, musalembe nokha ngati kholo la mwana mmodzi, kalata yotere imachedwa kuyankhidwa kulikonse. Kambiranani ndi aphunzitsi a zamasewera, musonkhanitse ana khumi kapena kuposerapo, ahedi asainire. M'kalatamo mufunse za Junior Tennis Initiative, pulogalamu imene ITF imathandizira mayiko ndi zipangizo komanso maphunziro a makochi kudzera m'mabungwe awo. Mufunsenso ngati ali ndi kochi kuchigawo chakummawa kuno.

Za raketi, musathamangire yaikulu chifukwa choti mwaipeza yotchipa pa kaunjika. Mwana aimirire, aigwire manja ali pansi. Ikakhudza pansi, ndi yaitali, idzamupweteka dzanja. Wa msinkhu umenewu imamuyenera ya mainchesi 23 kapena 25.