Mwana Wanu Waitanidwa ku Internship ya Zachilengedwe Kunja? Poloti Musagulitse Kaye

Mayi wina wa ku Chilomoni walemba kalata m'malo mwa banja lake. Mwana wawo wamkazi, yemwe akumaliza digiri ya zachilengedwe pa imodzi mwa sukulu za ukachenjede mumzinda uno wa Blantyre, walandira imelo kuchokera ku bungwe laling'ono la ku Kenya lomwe limaphunzitsa ana asukulu ndi magulu a m'midzi kasamalidwe ka chilengedwe. Bungwelo likuti apite akakhale pa internship (kukaphunzira ntchito poigwira) kwa miyezi itatu, koma malipiro palibe, tikiti ya ndege adzigulire yekha, ndipo apereke madola 1,200 a malo ogona ndi chakudya. Mwanayo mtima uli m'mwamba, ndipo akuti ukakanika ulendo wa ku Kenya ayesa ku UK kapena ku America. Bambo ake aganiza zogulitsa poloti ya banja kuti ndalamazo zipezeke. Mayiwa akufunsa ngati zimenezi n'zoona, komanso ngati zidzamuthandize mwanayo kupeza ntchito akabwerako.

Mayi, poloti musagulitse kaye. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo pakadali pano chomwe banja lanu lili nacho ndi poloti, pomwe ulendowu ukadali imelo chabe. Sindikunena kuti mwanayo asapite. Ndikunena kuti phindu la ulendo wotere silili m'dzina la dziko lomwe akupitako, koma m'ntchito yomwe akaigwire ndi munthu yemwe akamuyang'anire, ndipo zonse ziwirizi mungathe kuzidziwa musanatulutse tambala imodzi.

Ndi bwino muyambe mwamvetsa mtundu wa bungwe lomwe lamuitana. Mabungwe oyambira m'madera nthawi zambiri amakhala ndi antchito ochepa kwambiri, ofesi ya chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo amadalira thandizo lobwera mwa apo ndi apo. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku si ya mu ofesi yozizira. Wophunzira ntchito amadzukira ku nazale, komwe amasefa dothi, kulisakaniza ndi mchenga ndi manyowa, kulithira m'machubu, kenaka n'kulemba m'buku tsiku lomwe njere zafesedwa ndi chiwerengero cha zomwe zamera. Masana amaimirira kutsogolo kwa kalasi yodzaza, yopanda magetsi, n'kufotokozera ana chifukwa chomwe mtsinje wa kwawo umaphwera msanga masiku ano, ndipo akalankhula zozama kwambiri amaona yekha ana akuyamba kuyang'ana pazenera. Madzulo amakhala pa kompyuta kulemba lipoti lopita kwa opereka thandizo. Ubwino wa bungwe laling'ono ndi womwewo: popeza anthu ndi ochepa, wophunzira ntchito amagwira mbali zonse, kuyambira kukonza phunziro mpaka kuwerengetsa bajeti, zomwe ku bungwe lalikulu sangaloledwe kuzikhudza m'miyezi itatu. Kuipa kwake kumachokeranso pomwepo. Ngati mkulu wa bungwe ali yekha ndipo amakhalira kuyenda, mwana wanu angathe kutha miyezi yonseyo akungojambula zithunzi zoika pa Facebook, n'kubwerako wopanda luso lililonse latsopano.

Kupempha ndalama pakokha si umboni wakuti bungwelo ndi lachinyengo. Mabungwe ambiri aang'ono alibe ndalama zosungira mlendo, ndipo mapulogalamu otere anakonzedwera ophunzira a ku Ulaya ndi ku America, omwe ndalama zawo zimathandizanso kuyendetsa bungwe. Mtengo wake unayezedwa ndi matumba a anthu amenewo, osati a banja lolandira makwacha. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene anayesapo kupempha madola ku banki akudziwa kuti kukhala ndi makwacha sikutanthauza kuti madolawo muwapeza tsiku lomwe mukuwafuna. Choncho mwana wanu asachite manyazi kulemba kalata yopempha kuti amuchotsere mtengo kapena amukhululukire, pofotokoza kuti ndi wophunzira wa ku Malawi kuno ndipo akubwera ndi luso lomwe bungwelo lingapindule nalo. Apemphenso kuti amugawire ndalamazo mwatsatanetsatane: zingati ndi za nyumba, zingati za chakudya, zingati zolowa m'thumba la bungwe. Bungwe loona mtima silikwiya ndi funso limeneli.

Tsopano pali mbali yomwe ndikufuna muikepo mtima kwambiri, chifukwa m'dziko muno taona kale atsikana akulonjezedwa ntchito zabwino ku Oman n'kukapezeka alandidwa mapasipoti ndi kugwiritsidwa ntchito ngati akapolo. Malawi ali ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu la mu 2015, koma lamulo limagwira ntchito yake zinthu zitaonongeka kale, pomwe inu mungathe kutseka khomo zisanafike pamenepo. Pemphani setifiketi yosonyeza kuti bungwelo linalembetsedwa m'kaundula wa boma la dziko lawo, monga momwe mabungwe a kuno amalembetsera ku NGORA. Likakhala la ku England, dzina ndi nambala yake zimapezeka pa intaneti m'kaundula wa Charity Commission, pamodzi ndi malipoti ake a zachuma. Pemphani manambala a anthu awiri kapena atatu amene anakhalapo pa internship kumeneko, ndipo mwanayo alankhule nawo pafoni ya vidiyo, inu muli pomwepo. Pemphani dzina la sukulu imodzi yomwe bungwelo limagwirako ntchito, kenaka mufufuze nokha nambala ya mphunzitsi wamkulu m'malo modalira yomwe akupatsani. Ndalama zipite ku akaunti ya ku banki yolembedwa dzina la bungwe, osati ku nambala ya foni ya munthu. Akakuuzani kuti mutumize lero lomwe chifukwa malo atsala amodzi, kapena kuti pasipoti adzamusungira iwo akafika, nkhaniyo ithere pomwepo.

Nkhani ya ziphaso ndi imene imagwetsa ambiri, ngakhale bungwe litakhala loona. Kulowa m'dziko ngati mlendo si chilolezo chogwira ntchito, ingakhale ntchito yosalipidwa. Mwachitsanzo, Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa kwa masiku 30 popanda viza, koma wofuna kukagwira ntchito yongodzipereka kwa miyezi ingapo amayenera kupempha viza yakeyake asananyamuke. Bungwe la ku Kenya lomwe lamuitanali liyenera kunena m'kalata dzina la chilolezo chomwe mwanayo akakhalire nacho, ndi amene adzalipire. Likangoti abwere ngati mlendo zinazo zikaoneka komweko, dziwani kuti akagwidwa, chidindo choipa chidzalowa m'pasipoti ya mwana wanu, osati ya mkulu wa bungweyo.

Ku UK ndi ku America zitseko ndi zopapatiza kuposa momwe achinyamata amaganizira. Ku UK kuli viza yotchedwa Charity Worker, yomwe imalola munthu kugwira ntchito yongodzipereka mpaka miyezi 12, koma bungwe lomuitana liyenera kukhala ndi laisensi ya boma yoitanira anthu akunja, ndipo mabungwe aang'ono ambiri alibe laisensi imeneyi. Wopemphayo amayeneranso kuonetsa mapaundi 1,270 ku akaunti yake pokhapokha bungwelo litalonjeza kumusamala, ndipo Mmalawi wokakhala kupitirira miyezi 6 amayezedwa kaye TB. Ku America internship imayendera viza ya J-1, yomwe imafuna fomu ya DS-2019 yochokera ku bungwe lovomerezedwa ndi boma la kumeneko, ndipo wopempha ayenera kukhala akadali pasukulu kapena asanathe miyezi 12 chimalizireni maphunziro. Malamulo a kumeneko akhala akukhwimirakhwimira; mu Ogasiti 2025 dzikolo linayamba kufuna chikole chofika mpaka madola 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza yokacheza kapena ya bizinesi, choncho musalipire aliyense musanawerenge zomwe ofesi ya kazembe wa America ikunena panthawiyo. Ngati mtima wa mwanayo uli ku Ulaya, njira yosaboola m'thumba ndi monga pulogalamu ya boma la Germany yotchedwa weltwärts, yomwe kuyambira mu 2013 imatenga achinyamata a zaka 18 mpaka 28 ochokera m'maiko monga athu, kudzera m'mabungwe a m'dziko lawo omwe ali pa ubale ndi a ku Germany, ndipo imasamala za ulendo, malo ogona ndi inshuwalansi.

Kwa ine, pa ntchito yophunzitsa za chilengedwe, Kenya, Zambia kapena Tanzania n'kothandiza kwambiri kuposa Ulaya, ndipo mwana wanu asaone ngati ulendo wa ku Kenya ndi wotsika. Maiko amenewa ali ndi mbiri yaitali pa ntchitoyi. Wildlife Clubs of Kenya inayamba mu 1968. Green Belt Movement inayambitsidwa ndi Wangari Maathai mu 1977 ndi magulu a amayi odzala mitengo, ndipo mayiyu analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2004. Pulogalamu ya achinyamata ya Roots & Shoots inayambira ku Dar es Salaam mu 1991, pomwe katswiri wa zinyama Jane Goodall anakhala pansi ndi kagulu ka ophunzira, ndipo ku Zambia makalabu a Chongololo alera mibadwo ya ana okonda zachilengedwe. Chofunika kwambiri n'chakuti mavuto a kumeneko ndi ofanana ndi athu: makala, nkhuni, kukokoloka kwa nthaka, zinyalala za pulasitiki m'mitsinje, ndi makolo omwe amafunsa kuti adya chiyani akasiya kuotcha makala. Njira yomwe yagwira ntchito ku Nakuru kapena ku Chipata ingathe kugwiranso ku Ndirande, pomwe zambiri zomwe angaphunzire m'nkhalango ya ku Ulaya zimadalira zipangizo ndi ndalama zomwe sukulu ya pulaimale ya ku Bangwe ilibe.

Ndilankhuleko ndi inu mwana wathu mwiniwake. Funso lomwe muyenera kudzifunsa ndi lakuti mukupita ndi chiyani m'manja, chifukwa wophunzira ntchito wopita chimanjamanja amapatsidwa ntchito zing'onozing'ono, pomwe wodziwa kale kuima pamaso pa ana amapatsidwa kalasi yake sabata yoyamba. Malo ophunzirira zimenezi ali pakhomo panu. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM), lomwe linayamba mu 1947 ndipo likulu lake lili ku Limbe, lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu kwa zaka zambiri. Phiri la Michiru mukuliona m'mawa uliwonse muli ku Chilomoni, ndipo nkhondo yolimbana ndi odula mitengo kumeneko ndi phunziro lomwe simungalipeze m'buku. Ku Chilobwe kuli anthu omwe mu Malichi 2023 anaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche panthawi ya namondwe wa Freddy, ndipo munthu amene wakhala pansi ndi ana a kumeneko kukambirana za mitengo ndi malo omangapo nyumba amakhala ndi chonena kulikonse komwe angapite. Teremu imodzi yothandiza kalabu ya sukulu ya pafupi, yokhala ndi buku losonyeza maphunziro omwe munaphunzitsa ndi mbande zomwe zinapulumuka chilimwe, idzalimbitsa kalata yanu yopempha kuchotseredwa mtengo kuposa mawu okoma alionse.

Za ntchito mukabwerako, ndisakunamizeni: internship ya kunja siitsegula khomo yokha. Olemba ntchito m'mabungwe a zachilengedwe kuno amafunsa zomwe munthu angathe kuchita, monga kulemba pempho la thandizo la ndalama, kutolera ndi kusanthula ziwerengero, kuyendetsa msonkhano wa komiti ya m'mudzi, ndi kulemba lipoti lomveka pa nthawi yake. N'chifukwa chake muyenera kupempha kuti bungwelo likulembereni ndondomeko ya ntchito musananyamuke, yotchula dzina ndi udindo wa wokuyang'anirani, ntchito za mwezi uliwonse, masiku opuma, ndi lonjezo la kalata ya umboni pomaliza. Ndondomekoyo mupite nayo kwa mkulu wa dipatimenti yanu, chifukwa sukulu zina zimavomereza nthawi yotere ngati gawo la maphunziro pokhapokha zitagwirizana nazo pasadakhale, ndipo n'zomvetsa chisoni kubwerako n'kuuzidwa kuti mubwereze atachimenti kuno.

Mayi, powerengetsa ndalama musaiwale zomwe sizinatchulidwe mu imelo ija: pasipoti ngati ilibe nthawi yokwanira, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, yomwe bungwe lililonse logwira ntchito ndi ana liyenera kuifuna, khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, inshuwalansi ya zaumoyo, ndi tikiti yobwerera yomwe ikhale m'manja mwa mwanayo. Mukaphatikiza zonsezi mudzaona mtengo weniweni wa ulendowu, ndipo pamenepo m'pomwe banja lingakambirane ngati ukukwanika popanda kukhudza poloti.

Sabata ino mwanayo alembe makalata atatu: yopita ku bungwelo yopempha setifiketi, ndondomeko ya ntchito, dzina la chilolezo ndi kuchotseredwa mtengo, yopita kwa mkulu wa dipatimenti, ndi yopita ku bungwe la kuno yopempha kuthandiza nawo ntchito mongodzipereka. Lipatseni bungwe la ku Kenya masabata awiri kuti liyankhe. Likayankha zonse momveka ndipo ndalama zikupezeka popanda kugulitsa katundu, mulekeni apite. Likazemba mafunso, nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo nazale za m'sukulu za mu Blantyre zimafuna anthu miyezi ingapo tsikulo lisanafike.