Yankho kwa Azakhali pa nkhani ya quantum ndi mizimu

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndalimva, lakuti kodi n'zoona asayansi atsimikiza kuti mizimu ya anthu okondana imalumikizana kudzera mu quantum (sayansi ya tizinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso), moti wina akamavutika kutali mnzake amamva.

Mbali ina ndi yoona. Asayansi amaitcha entanglement, kutanthauza kulumikizana kwa tizidutswa tating'onoting'ono ngakhale titatalikirana. Mu labotale amawalitsa laser (kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi) pa kamwala koonekera mkati kotchedwa BBO, ndiye nthawi zina kachidutswa kamodzi ka kuwala, ka photon, kamagawika n'kukhala tiwiri. Tiwiriti mukatitumiza kosiyana n'kutiyeza, zotsatira zake zimagwirizana kwambiri, kuposa mmene zikanakhalira mayankho akanakhala okonzeratu ponyamuka. Wasayansi wotchuka Einstein zimenezi zinamuvuta mutu, mpaka mu 1935 analemba zokayikira pamodzi ndi asayansi anzake Podolsky ndi Rosen. John Bell ndiye anapeza njira yoyesera mu 1964. John Clauser anayesa mu 1972, Alain Aspect mu 1982, ndipo mu 2022 awiriwa ndi Anton Zeilinger analandira mphoto ya Nobel. Ku China mu 2017, satelayiti ya Micius inatumiza ma photon otere kumalo awiri otalikirana makilomita 1,200. Si nthano ayi.

Koma apa mumvetsere, chifukwa ndi pamene ambiri amasochera. Njira imeneyi sinyamula uthenga. Tiyerekeze inu muli ku Zomba, mwana wanu ali ku Johannesburg, aliyense akuponya khobidi m'mwamba n'kumalemba mbali imene yagwa. Inu simungasankhe kuti igwe mbali iti. Iyenso uko akungoona zosinthasintha zopanda dongosolo. Kugwirizanako kudzaoneka pokhapokha mutaimbirana foni n'kufananiza zimene mwalemba. Musanaimbirane, palibe amene wadziwa kanthu za mnzake. Ndiye zomva ululu wa munthu wakutali sizikulowamo.

Chinanso, kulumikizanaku sikuchedwa kutha. Tizidutswato tikangogundana ndi mpweya, madzi kapena kutentha, basi kwatha. N'chifukwa chake makompyuta ena a quantum amawaziziritsa mpaka pafupifupi madigiri 273 pansi pa ziro. Thupi la munthu lili pa madigiri 37, lodzaza madzi. Ndipo mzimu, Azakhali, palibe chipangizo chimene chinauyezapo.

Tsono kwa ife akhristu, umodzi wathu ulipo ndithu, koma gwero lake ndi lina. Pa 1 Akorinto 12:26 Paulo akuti chiwalo chimodzi chikamva zowawa, ziwalo zonse zimamva nacho pamodzi, chifukwa ndife thupi limodzi ndipo mutu wake ndi Khristu. Aefeso 4:4 akunena za thupi limodzi ndi Mzimu mmodzi. Mukamapempherera mwana wanu usiku, pempherolo silidumpha kuchoka mumtima mwanu kukalowa mwa iye. Limapita kwa Atate, amene amamva, amakonda, ndipo amayankha monga mwa chifuniro chawo. Ine zimandikhudza anthu akasandutsa pemphero kukhala mphamvu yongoyendera yokha, chifukwa akatero Mulungu amuchotsapo pakati osazindikira.

Izi sizikutanthauza kuti mkhristu asadabwe ndi quantum. John Polkinghorne, pulofesa wa physics ku Cambridge amene anasiya udindowo mu 1979 n'kudzakhala wansembe wa mpingo wa Anglican, ankaona kuti chilengedwe cholumikizana chonchi chikugwirizana ndi chikhulupiriro chathu mwa Mulungu wa Utatu. Koma sanachiyese umboni wotsimikiza za mizimu.

Muchenjere ndi awiri. Wina adzati quantum ingakuthandizeni kulankhula ndi malemu. Zimenezo Deuteronomo 18:11 inaletsa kale. Wina adzabwera ndi chibangili, madzi kapena makina akuti ndi a quantum ochiritsa. Ameneyo mumufunse kuti anayeza tizidutswa titi, ndi chipangizo chanji, pa kutentha kotani. Akayamba kuzungulira, ndalama zanu musatulutse, ndipo mankhwala akuchipatala musasiye.