Wophunzira wosaona alembetse kuti, nanga adzavota bwanji?

Wophunzira wina wa pa koleji mu Blantyre muno, kwawo ku Ntcheu, yemwe ali ndi vuto losaona, watilembera kuti: "Kalembera wa voti akadzayamba, ndidzalembetse kuno kapena kumudzi? Nanga povota ndiye kuti wina azingondichongera basi?"

Choyamba ndi chiphaso cha unzika cha ku NRB, chifukwa lamulo la zisankho la 2023 limafuna umboni umenewu polembetsa. Chimaperekedwa kuyambira zaka 16, choncho katengeni msanga. Kalembera akayamba mizere imatalika. Kuvota kumafuna zaka 18.

Za malo, Malamulo Oyendetsera Dziko amakulolani kulembetsa komwe mukukhala, komwe munabadwira kapena komwe mumagwira ntchito. Koma mumavotera pomwe munalembetsera. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amagwa nayo: amalembetsa pafupi ndi sukulu, tsiku lovota n'kuwapeza ali kumudzi ku tchuthi, ndalama yobwererera palibe. Chisankho chachikulu chimachitika mu Seputembala, chotsatira ndi cha 2030, ndiye ganizani komwe mudzakhale mwezi umenewo. Zikasintha, bungwe loyendetsa zisankho la MEC limapereka masiku oti anthu aone mayina awo m'kaundula ndi kusamutsa dzina. Masiku amenewa ngochepa, musawaphonye.

Funso lachiwirilo ndi lomwe limatikhudza mtima. Ayi, voti yanu ndi chinsinsi chanu. MEC yakhala ikupereka chikuto chokhala ndi mabowo, chomwe amalowetsamo pepala lovotera kuti muchonge nokha mopapasa. Chifunseni kwa mkulu woyang'anira malowo, musadikire kuti akuuzeni. Pemphani akuwerengereni mayina a opikisana mwandondomeko pa mapepala onse atatu, la mtsogoleri wa dziko, la phungu ndi la khansala. Atsimikizenso kuti pepala lalowa molunjika, chifukwa likazondoka kapena kutsetsereka pang'ono chabe, muchonga munthu wina kapena voti iwonongeka.

Mukafuna wokuthandizani, lamulo likulola kuti musankhe nokha munthu yemwe mumamukhulupirira. Oimira zipani asakusankhireni. Pamzere musaime, anthu a ulumali amatsogozedwa.

Anzanu oyenda pa njinga ya olumala akaoneretu malowo, poti ambiri ndi sukulu zapulayimale zokhala ndi masitepe ndi mabwalo okumbikakumbika. Osamva atenge womasulira chinenero chamanja. Mukakanizidwa thandizo, kadandauleni ku MEC, ndipo dziwitsaninso a bungwe la anthu a ulumali la FEDOMA kapena a bungwe la anthu osaona la Malawi Union of the Blind, omwe ali konkuno ku Blantyre.