Kutsitsa V-Strom pakhomo: yankho kwa achimwene a ku Ntcheu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ntcheu, cha ku Kampepuza. Dzina sinditchula, koma nkhani yawo nayi mwachidule. Anagula njinga yamoto ya Suzuki V-Strom 650 yakaunjika kuchokera ku Joni. Njingayo amaikonda, koma iwo ndi aafupi msinkhu. Akaima, pansi amangogundapo ndi nsonga za zala, ndipo akakweza mayi a kunyumba ndi katundu, mtima umakhala m'mwamba pa rodibuloko iliyonse. Alamu awo awatumizira malinki awiri (tizitsulo tomangidwa cha kumunsi kwa shoko ya kumbuyo) otsitsa njinga ndi mamilimita 25. Akufunsa ngati angamange okha pakhomo. Akufunsanso za mnyamata wina wowotcherera amene wati angathe kuwapangira ena aatali kuposa amenewo kuti njinga itsike kwambiri.

Achimwene, zikomo polemba. Inde, mungathe kumanga nokha. Kuchotsa akale n'kuika atsopano ndi ntchito ya mabawuti awiri, ndipo ngati palibe dzimbiri sizitha ola limodzi. Koma tsiku lonse la Loweruka mulipatule, chifukwa ntchito yeniyeni imayamba malinki atalowa kale. Ine ndinatsitsapo yanga kuno ku Dedza, ndipo zimene zinandipweteka zonse zinabwera ntchito ndikuiyesa yatha.

Za mnyamata wowotcherera uja ndiyankhiretu: musavomere. Njinga za kabaza zimene timazionazi zili ndi mashoko awiri, ina uku ina uku, ochoka pa swingarm (chitsulo chogwira tayala la kumbuyo chimene chimakwera ndi kutsika) kupita pa felemu basi. Yanuyi ili ndi shoko imodzi pakati, ndipo kumunsi kwake sinamangidwe pa swingarm mwachindunji. Inamangidwa pa kachitsulo kotembenuka, ndipo kachitsulo kameneko ndi komwe kamalumikizidwa ku swingarm ndi malinki awiri aja. Cholinga chake n'chakuti shoko ikhale yofewa pa timabampu ting'onoting'ono koma izilimbalimba ikamafika kumapeto. A Honda dongosolo lawo amalitcha Pro-Link, a Kawasaki amati Uni-Trak, koma nzeru yake ndi imodzi. Ndiye kulemera kwa inu, mayi, katundu ndi theka la njinga kumadutsa m'tizitsulo tiwiri timeneto, ndipo timakokedwa pa dzenje lililonse. Kamodzi kakathyoka mukutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, kumbuyo kwa njinga kumangokhala pa tayala, tayala n'kuima pomwepo. Chitsulo chotoledwa pamulu wa zinyenyeswazi simudziwa kuti ndi chamtundu wanji, ndipo mabowo oboola ndi dzanja sangafanane ndendende mbali zonse ziwiri. Owotcherera athu ndimawalemekeza, ndipo m'munsimu muwafuna pa ntchito ina, koma osati iyi.

Musanamasule kalikonse, tengani linki yatsopano muigundize pa yakale ikadali panjinga. Yezani kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa bowo linzake. Pa V-Strom ndi pa Kawasaki KLR650, linki yaitali ndiyo imatsitsa njinga. Pa njinga zina ndi yaifupi imene imatsitsa, choncho wina amene akuwerenga muno ali ndi mtundu wina asangotengera. Muona kuti kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, mamilimita owerengeka chabe, koma kukafika ku tayala kumachulukitsidwa kangapo. Onaninso kuti mabowo ndi aakulu mofanana ndi akale, bawuti izilowa bwinobwino popanda kugwedera.

Kenako tengani tepi yoyezera ndi cholembera. Matani kachidutswa ka selotepi pa pulasitiki ya kumbuyo, molunjika pamwamba pa ekiselo ya tayala. Yezani kuchokera pa ekiselo kufika pa selotepiyo kawiri: tayala lili m'malere, kenako inu mutakhala pa chishalo ndi zovala zanu za paulendo, wina atakugwirirani njinga. Kusiyana kwa miyezo iwiriyi kumayenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene tayala la kumbuyo limatha kukwera ndi kutsika, ndiye pa njinga ngati yanu ndi mamilimita cha m'ma 45 kapena 50. Ndikunena izi chifukwa njinga zina zochokera ku Joni zimabwera sipuling'i ya shoko itamangidwa kwambiri, mwina mwini wake woyamba anali chimunthu cholemera. V-Strom ili ndi kopotokola ndi dzanja m'mbali kosinthira sipuling'iyo. Mukapeza kuti mukakhala imangotsika 25 kapena 30, ndiye kuti pali mamilimita ena aulere amene mukuwataya. Yezani kutsogolonso chimodzimodzi, ndipo manambala onse mulembe.

Tsopano poimika njinga, chifukwa apa ndi pomwe anthu amavulala. Njinga yanu imapitirira makilogalamu 200. Pezani pa simenti posalala, pakhonde kapena m'galaja, osati pabwalo pa dothi. Manati aja muwamasule pang'ono njinga ikadali ndi matayala onse pansi, kungowadzutsa chabe, chifukwa mphamvu yodzutsira nati yokakamira ndi yomwe imagwetsa njinga ili m'mwamba. Ngati ili ndi sitandi ya pakati, ikwezeni, mumange chogwirira buleki ya kutsogolo ndi mphira wa chubu, kenako mumange lamba kuchoka pa sitandiyo kufika pa tayala la kutsogolo kuti sitandi isapindike yokha. Ngati ilibe, mufunika jeke ya galimoto ndi thabwa pansi pa injini, kuphatikizapo zingwe zolimba zomangirira ku mtanda wa denga kuti isapendame. Samalani pomwe thabwalo lagunda, chifukwa pansi pa V-Strom pamadutsa paipi ya utsi ndipo fyuluta ya oyilo ili poyera kutsogolo. Chimene simuyenera kuchita ndi kunyamulira pa swingarm. Mukatero kulemera kumakhalabe pa malinki ndipo mabawuti sangatuluke. Ana muwauze akasewere kutali, ndipo pakhale munthu wamkulu mmodzi wokuthandizani.

Chinsinsi cha ntchito yonseyi ndi thabwa lalitali ngati mita imodzi. Mulilowetse pansi pa tayala la kumbuyo, pakati pake muikepo njerwa kapena kachipika, mnzanu uja aziponda kumapeto kwake pang'onopang'ono. Pali malo amodzi pomwe tayala silikulendewera komanso silikukankhidwa m'mwamba, ndipo mukawapeza bawuti imatuluka ndi zala zokha. Mukaona kuti mukufuna hamala, ndiye kuti malowo simunawapeze. Kumenya kumawononga mazinga a bawuti ndi mabering'i. Jambulani ndi foni musanachotse, kuti mukumbukire mbali yomwe mutu wa bawuti unali komanso pomwe panali mawashala.

Pansi muyale thumba loyera la feteleza. M'kati mwa mabowo momwe mabawuti amadutsa muli kapaipi kachitsulo, ndipo kozungulira kapaipiko kuli mabering'i a tizitsulo tating'ono ngati timisomali todula mitu. Tsiku limene ndinkachita yanga, nditasolola kapaipi, girizi anali atauma kale ngati dothi la Okutobala, ndipo tiwiri tinagwera pansi. Ndinatipeza chifukwa cha thumba lija. Pakanakhala pa fumbi, njinga ikanakhala milungu ingapo kudikira bering'i yochokera kunja. Fumbi la misewu yathu ndi madzi a dzinja zimalowa mmenemo, ndipo ndi malo amene pafupifupi aliyense amaiwala kupaka girizi. Poti mwatsegula kale, pukutani ndi kansalu koviika m'palafini, muumitse, mupake girizi wosasungunuka ndi madzi. Kapaipi kakakhala ndi mizere yokumbika kapena dzimbiri lodya chitsulo, musabwezeretse. Gulani katsopano pamodzi ndi bering'i yake.

Poika malinki atsopano, lowetsani bawuti yoyamba, kenako mnzanu aponde thabwa kuti tayala likwere mpaka mabowo achiwiri akumane. Pomanga manati gwiritsani ntchito torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), pa mlingo womwe walembedwa m'buku la njingayo. Ngati mulibe, kabwerekeni kwa makaniko a galimoto, olo muwapatse ya sopo. Manati amenewa ndi odzikhoma okha, ndipo ikakhala kuti ina ikuzungulira ndi zala mpaka kumapeto, yatha ntchito, musinthe. Malinki akale muwapake oyilo muwasunge. Tsiku logulitsa njinga mudzawafuna.

Apa ndi pomwe ambiri amasamba m'manja, ine ndinali mmodzi wa iwo. Patatha masiku atatu ndinaima pa Bembeke kugula mbatatesi. Ndinaimika njinga pa sitandi ya m'mbali monga mwa masiku onse, mayi wogulitsa akundithandiza kukweza kathumba pa kaliyala. Kathumbako katangokhala, kumbuyo kunatsika pang'ono, njinga inawongoka, n'kugwera kumanja tonse tikuona. Chogwirira buleki chinathyoka, galasi linasweka, ndipo mwana amene anaima pafupi anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Mpaka lero ndikakumbukira mwana uja thupi limachita tsemwe. Chinachitika n'chakuti njinga inatsika koma sitandi inakhalabe yaitali monga kale, ndiye njinga inkaima chilili m'malo motsamira kumanzere. Mphepo ya thiraki yodutsa pa M1 ikanathanso kuigwetsa. Apa ndiye mupite kwa mnyamata wowotcherera uja. Mumasule sitandiyo panjinga, osaotcherera ili pomwepo poopa kuwononga zamagetsi ndi kaswitchi kamene kali pamenepo. Adule pang'ono cha kumunsi, mukayese, adulenso ngati n'kofunika. Kuli bwino kudula kawiri kusiyana n'kupitiriza muyezo. Mum'pemphenso akuzireko phazi lake kuti isamamire m'matope. Sitandi ya pakati nayo muona kuti tsopano ikulemera pokweza. Kathabwa kopyapyala pansi pa tayala la kumbuyo kamathandiza.

Kutsogolo nakonso kumafuna kutsatira. Kumbuyo kokha kukatsika, njinga imakhala ngati yakhala pansi mutu uli m'mwamba: imachita ulesi pokhota, imafuna kutuluka kunja kwa kona, ndipo nyali imawalira m'maso mwa anzanu ochokera kutsogolo. Pa makona a pakati pa Dedza ndi Lizulu mungazimve msanga. Mankhwala ake ndi kumasula mabawuti ogwira mafoloko (zitsulo ziwiri zazitali zogwira tayala la kutsogolo) n'kulola mafolokowo kutulukira m'mwamba pang'ono, mamilimita 10 poyambira, mbali zonse ziwiri mofanana ndendende. Chitani foloko imodzi, mumange, kenako inayo, kutsogolo kutachirikizidwa ndi jeke. Musathamangire kufananitsa ndi 25 wa kumbuyo, chifukwa mukapitiriza, madigadi a kutsogolo angathe kugunda zitsulo za pamwamba pake mukaponda buleki mwamphamvu. Mukatha, usiku muimike njinga moyang'ana khoma muwongole nyali.

Tcheni muyezenso. Buku la V-Strom 650 limati kulendewera kwake kukhale pakati pa mamilimita 20 ndi 30, ndipo ine njinga yotsitsidwa ndimaisiya cha kumtunda kwa mlingowo. Mukhale pa chishalo ndi mayi, wina akhudze tcheni. Ikakhala gwa ngati chingwe cha gitala, yamangika kwambiri, ndipo idya masipuroketi ndi bering'i ya m'bokosi la magiya.

Chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa, achimwene, ndi nkhani ya mayi ndi katundu. Linki yaitali imapangitsa kuti tayala likhale ndi mphamvu yochuluka pa sipuling'i, ndiye sipuling'i yomweyo imaoneka ngati yafewa. Komanso mpata wa pakati pa tayala ndi denga lake wachepa ndi 25 uja. Pa munthu mmodzi palibe vuto kwenikweni. Pa anthu awiri ndi zikwama, pa dzenje lalikulu, tayala lingathe kukhula pulasitiki ya pamwamba ndi mawaya amene amadutsa mmenemo. Bwerezani muyezo wa selotepi uja, mumange sipuling'i mpaka manambala abwerere m'malo mwake, olo zikutengereni mamilimita angapo mwa omwe munapeza. Pakani choko kunsi kwa pulasitikiyo, muyende makilomita ochepa muli awiri, mudzaone ngati choko chafufutika. Pansi pa injini napo pafupika. Mahampu a m'matauni athu ndi miyala ya m'misewu ya kumudzi cha ku Tsangano muzidutsa mofatsa, ndipo ngati njinga ilibe chitsulo choteteza pansi, fyuluta ija ili pangozi kuposa kale. N'chifukwa chake ine ndimati 25 ndiye malire pa misewu yathu. Zotsitsa 40 kapena 50 zimayenera kumene kuli tala yosalala.

Mukaona kuti 25 sanakwane, musafune malinki ena. Pitani ndi chishalo kwa opanga masofa, achotse chikopa, asende siponji pamwamba pang'ono komanso m'mbali cha kutsogolo pomwe ntchafu zimadutsa. Kuchepetsa m'mbalimo kumathandiza kuposa momwe anthu amaganizira, chifukwa miyendo imatsika molunjika m'malo motangadza, ndipo pansi pa njinga sipataya kalikonse. Nsapato za zidendene zochindikala zimawonjezeranso. Ndipo simufunika mapazi onse awiri pansi. Zolowerani kusendera pang'ono kumanzere, phazi lamanzere likhale pansi lonse, lamanja lili pa buleki.

Ulendo woyamba mupite nokha, wopanda katundu, mwina kukafika pa Biriwiri n'kubwerera. Mukafika kunyumba, nati iliyonse imene munaigwira muilembe kamzere ka penti kochoka pa nati kufika pa chitsulo, kuti ikadzasuntha mudzaone ndi maso. Muyang'anenso mukayenda makilomita 100 oyamba. Mundilemberenso manambala anayi aja, a kale ndi a tsopano, komanso chaka chimene njingayo inapangidwa, kuti tione ngati sipuling'i yomwe ilipoyo ikwanitse kunyamula inu ndi mayi kapena pafunika yolimbirapo.