Funsani Azakhali: Buku la akuba landisowetsa tulo

Azakhali,
Ndili Fomu 3 kuno ku Salima. Ndinagula buku la Crooked Kingdom kwa bambo wina woyala mabuku pansi pafupi ndi depoti, chikuto chili chothothoka. Ndinaliwerenga masiku anayi, usiku ndi tochi ya foni m'neti, mpaka nsima inandipserera pamoto. Kaz Brekker ndi ndodo yake ija wandipenga! Koma nkhaniyi ikuoneka ngati yayambira pakati. Amayi akuti ndi za ufiti ndi umbava. Nditani?
Mtsikana wa ku Senga Bay

Mwanawe,
Wayambira kumchira. Limenelo ndi buku lachiwiri, la 2016. Loyamba ndi Six of Crows, la 2015, onse analemba ndi Leigh Bardugo wa ku America. M'loyambalo ndi m'mene Kaz amasonkhanitsa anzake asanu kuti akabe munthu m'ndende ya Ice Court, imene palibe anaithyolapo. Buku lakolo ndi la kubwezera, amene anawatuma uja atawapusitsa pa malipiro. Mzinda wa Ketterdam ndi wopeka, anautengera ku Amsterdam, n'chifukwa chake muli ngalande ndi amalonda aumbombo. Ukamusowa Nina, mmodzi wa anzake a Kaz aja, um'peza m'buku la King of Scars, la 2019.

Za amayi, usatsutsane nawo. Afotokozere mutu umodzi mukusenda mtedza pakhonde, makamaka za Inej, mtsikana amene anagulitsidwa ukapolo. Ine anandigwira mtima ndi iyeyo, osati Kaz wakoyo. Koma tochi ija izizima 10 koloko, MSCE ili pakhomo.
Azakhali